Muikepo ndi yochotsera

Mwezi ukatha, Blantyre yense amayankhula mawu amodzi. Kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chirimba, pachigayo kapena pa siteji ya minibasi, wina amati, "Ndatumiza, taonani foni." Mnzake amayankha kuti, "Sinafike." Akatero onse awiri amawerama, maso pa foni, ngati amayi akusankha mpunga m'lichero, kudikira kuti kauthenga kalire. Kakangolira nkhope zimamasuka, malonda atheka, aliyense n'kulowera kwake. Sabata yathayi ndayenda m'tauni nditatchera khutu, ndipo paliponse pamene ndaima, nkhani yakhala ya ndalama imene masiku ano sitikuigwiranso m'manja.

Inayambira m'minibasi ya m'mawa yochokera ku Limbe. Kondakitala atayamba kutolera, anthu atatu otsatizana anatulutsa K5,000, ndalama ija inabwera mu February 2022, ndipo mnyamatayo anangogwira kumutu. Aliyense wokwera minibasi akudziwa mathero a nkhani yotere. Kondakitala akasowa chenji amakuphatikizani awiri pa ndalama imodzi kuti mukagawane potsika, ndiye mumayamba kuyenda limodzi ndi munthu wosamudziwa, kusakasaka wogulitsa nthochi woti akusinthireni. Mtsikana wina wa kumpando wakumbuyo anati iye zimenezo toto, alipira pa foni. Kondakitala sanakane. Anatchula nambala yake pamtima, n'kuwonjezera mawu amene tsopano ali pakamwa pa aliyense: "Muikepo ndi yochotsera, asisi."

Apo ndiye panabuka mlandu. Bambo wina wovala tayi anafunsa kuti yochotsera ndi yachiyani, popeza ndalama yomweyo akhoza kumwetsera mafuta osaichotsa m'foni. Kondakitala anati mwini minibasi amafuna yake ya pamanja, dalaivala nayenso ya ndiwo amaifuna ya pamanja, ndiye akapita kukachotsa akamudula, nanga iye atsala ndi chiyani? Mayi wina wonyamula dengu ndiye anaweruza mlanduwo. Anati wotumiza amadulidwa, wochotsa amadulidwanso, choncho awiriwo asakangane, onse ndi odulidwa okhaokha. Minibasi yonse inafa ndi phwete. Mtsikana uja atatumiza anaonetsa foni yake, koma kondakitala sanaiyang'ane n'komwe. "Ilire yanga," anatero. Anati anaphunzirapo kale, pali anthu amene amakuonetsa uthenga wa dzulo kapena wolemba okha, iwe n'kumawathokoza.

Nditatsika pa Ginnery Corner ndinaima pa kanyumba ka ejenti. Tinyumba timeneti, tofiira ta Airtel Money ndi tobiriwira ta TNM Mpamba, tadzaza m'misewu moti mwana wa pulayimale angaganize kuti tinaliko chiyambire. Komatu ndi za dzulodzuloli. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, m'mapazi mwa M-Pesa yomwe anzathu a ku Kenya anaiyamba mu 2007. Zisanabwere zimenezi, ndalama ya kumudzi inkayenda mu envelopu, m'thumba mwa dalaivala wa basi kapena wachibale wopita kumaliro, ndipo nthawi zina inkafika itaonda, wotumidwayo atatapako ya panjira. Lero munthu amangodina *211# kapena *444#, agogo ku Mulanje n'kulandira madzi a tiyi asanawire.

Mawu otchuka pa kanyumbapo ndi akuti "fuloti yatha". Mnyamata wina wa kabaza, yemwe anabwera ndi ndalama zoti atumizire mayi ake, anadabwa kuti munthu angakane bwanji ndalama yoti akumupatsa. Ejentiyo, mayi wodekha bwino, anamufotokozera kuti iye ali ndi matumba awiri, lina la ndalama za pamanja, lina la m'foni. Ukabwera kudzaika, amalandira ya pamanja n'kukutumizira yochokera m'thumba la m'foni. Ukabwera kudzachotsa, zimatembenuka. Kuno kutauni ambiri amaika kuti atumize kumudzi, ndiye thumba la m'foni limaphwa msanga. Kumudzi ambiri amachotsa, ndiye ejenti wa kumeneko chomwe chimamuthera ndi ya pamanja. Mnyamatayo anagwedeza mutu, nati wamvetsa tsopano chifukwa chake mayi ake nthawi zina amayenda mtunda kupita pa tredingi senta n'kubwerako chimanjamanja, ndalama ali nayo m'foni.

Omwe anali pa mzere anayamba kumuseleula ejentiyo kuti zinsinsi za dera lonse akuzidziwa ndi iye: amene amakumbukira makolo mwezi ndi mwezi, ndi amene amatumiza pa nambala ina yake ataphimba dzina ndi chala. Mayiyo anangomwetulira nati ntchito yake ili ngati ya namwino, za odwala sizituluka m'chipatala. Nkhani ya mayina inasangalatsa anthu koposa. Chilembetsereni masimukhadi ndi chiphaso cha unzika mu 2018, foni imatulutsa dzina lenileni la wolandira. Munthu amene dera lonse limamudziwa ndi dzina la pa mpira, ukamutumizira ndalama umaona dzina la ubatizo lomwe analisiya ku Sitandade 4, pamodzi ndi la agogo ake. Pali mabwenzi a zaka khumi amene adziwana mayina enieni chifukwa cha ngongole ya K2,000.

Kumsika wa Limbe, amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi usipa analemba manambala awo pa zidutswa za makatoni n'kuziimika pakati pa milu. Mayi wina amene ndimagula kwa iye anandiuza kuti kale popita kukaoda mbatatesi ku Tsangano kapena kabichi ku Lizulu, ndalama ankaimanga m'kansalu m'chiuno, ndipo m'basi sankagona tulo. Lero amaimbira mlimi amene amadziwana naye, agwirizana mtengo, atumiza, matumba n'kubwera pa lole iye ali pabenchi pake akugulitsa. Usipa wa ku Mangochi ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga nazo zikuyenda chimodzimodzi. Mnzake wa benchi loyandikana anati chomwe chamukondweretsa iye n'chakuti bodza lakale la ogula latha. Munthu akati, "Mayi, lero ndilibe ya pamanja, ndipatseni pangongole," iye amangoloza kakatoni kaja. Chodandaula chawo n'chimodzi: pa mulu wa tomato phindu ndi lochepa, ndiye yodulidwa potumiza ndi pochotsa imaluma kwambiri wamalonda wamng'ono kuposa mwini golosale.

Atsikana a kaunjika nawo msika wawo wina uli m'foni. Akatsegula belo amasankha madiresi abwino, kuwachapa, kuwasita, kuwajambula n'kuwaika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wogula ali ku Mzuzu amatumiza ndalama, diresi n'kukwera basi ya usiku. Mmodzi anati kasitomala wake wamkulu sanamuonepo nkhope, amangodziwa saizi yake ndi tsiku lomwe amalandira.

Masana ndinalowa m'sitolo ina yaikulu ya ku Chichiri, komwe mfumu ndi khadi. Kumeneko mawu ndi akuti "kuswaipa". Kutsogolo kwanga kunali bambo wodzaza ngolo mpaka pamwamba: shuga, mafuta ophikira, sopo, nkhuku ziwiri. Anapereka khadi, nadina nambala yachinsinsi ataphimba ndi dzanja, mzere wonse uli chete kudikira kapepala. Kanatuluka kakafupi. Aliyense wozolowera amadziwa kuti kapepala kakafupi ndiye kuti khadi lakana. Mtsikana wa pa tilu, mwaulemu wake, ananena mokweza kuti, "Mwina ndi netiweki, bambo." Mayi wina kumbuyo kwanga anandinong'oneza kuti mawu amenewo apulumutsa ulemu wa anthu ambiri m'tauni muno, ndipo mtsikanayo analeredwa bwino. Bamboyo anatulutsa khadi lina, la banki ina, ndipo ulendo uno kapepala kanatuluka kakatali. Anakankha ngolo yake ali ndi chimwemwe cha munthu wopambana mlandu.

Zoti khadi la banki ina ligwire pa makina a banki ina si zakale. Mabanki analumikizana kudzera mu National Switch mu 2015, kuyambira ndi ma ATM, ndipo pambuyo pake makina a m'masitolo ndi ndalama za pa foni zinalowa momwemo. Achikulire pa mzerepo ankakumbutsana masiku omwe munthu ankadutsa ma ATM atatu opanda anthu kuti akaime pa mzere wautali wa banki yake. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inaika malamulo oti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira ndalama pa makina kapena pa foni. Koma chimene chakankha anthu kwambiri ndi kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo itakwera, ndalama yaikulu ikadali K5,000 yomwe ija, wogula malata kapena matumba angapo a simenti akanati azilipira pamanja bwenzi akunyamula mpukutu wosalowa m'thumba la buluku.

Mwini hadiweya ina ya ku Limbe anati kwa iye makinawo ndi mpumulo. Madzulo sawerenganso ndalama mpaka zala kuda, saopa ndalama zachinyengo, ndipo popita kubanki sayendanso akucheukacheuka. Banki imadulako kenakake pa malonda alionse a pa khadi, koma iye anati n'chimodzimodzi kulipira mlonda. Woyandikana naye, wogulitsa zipangizo za galimoto, makina ake amakhala m'dirowa, ndipo ukafunsa amati batire latha. Anyamata a pakhonde amanong'ona kuti batire lili bwinobwino, koma mkuluyo safuna kuti malonda ake azisiya mapazi oti a msonkho awatsate. Chimene onse, ogula ndi ogulitsa, amadana nacho ndi chija chakuti kubanki ndalama yachoka, uthenga wabwera, koma makina akuti sizinatheke. Katundu umamusiya pa tilu, ndalama n'kudzabwerera patapita masiku. Walira mvula walira matope, anatero mwini hadiweya uja, koma anawonjeza kuti matope amenewa mabanki angathe kuwachepetsa atafuna.

Ku babashopu ya ku Ndirande nkhani inali ya m'banja. Bambo wina ali pampando anati kale malipiro ankabwera mu envelopu ya khaki, ndipo pakati pa ofesi ndi kunyumba panali mtunda woti munthu aganize bwino. Lero foni imalira pa tebulo iwe uli kubafa, pofika potuluka mayi a kunyumba awerenga kale, bajeti yatha kupangidwa. Anzake anaseka mpaka wometa anaimitsa makina. Mkulu wina wa imvi anati kwa iye zimenezo zinabweretsa mtendere. Chiyambireni kuonetsana mauthenga a kubanki ndi akazi ake, mikangano ya pa 5 koloko ya tsiku la malipiro inatha, ndipo nyumba yawo ku Machinjiri yafika pa lintala. Wina anakumbutsa za achibale. Kale ukapemphedwa thandizo unkati, "Ndikanatumiza, koma ndasowa womutuma." Lero mlamu amakuimbira n'kukuuza kuti nambala ndi yomweyi, ndipo akudikira ali pa ejenti.

Panamvekanso nkhani ya akatapila, amene amasunga khadi la ATM la wokongola pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi kuti tsiku la malipiro akadzitapire okha. Akuti masiku ano ndi mpikisano wa liwiro. Wakatapila amaima pa ATM ndi mpukutu wa makhadi omanga ndi labala, pamene mwini malipiro ali pabedi, foni m'manja, kudikira kuti uthenga ukangolowa asamutsire ndalamayo kwina. Anthu anaseka, koma wometa anati zoseketsa palibe pamenepo, chifukwa onse awiri sagona, ndipo ngongole ya katapila siitha ndi liwiro la zala.

Mawu amene ananditsalira m'mutu ananena ndi mkulu wa imvi uja. Anati ndalama ya pamanja imatsanzika. Ukamaitulutsa m'thumba umaiona nkhope, kaya ndi ya Chilembwe kaya ya Kamuzu, ndipo mtima umawawa pang'ono. Ya m'foni ndi ya pa khadi imachoka osatsanzika: bandulo apa, Kutapa kapena Pasavute apo, pofika pa 10 mwezi foni yayera. Anyamata awiri amene anali pakona sanadzutse mitu, maso ali pa kandege, masewera a juga aja a Aviator. Kale wofuna juga ankachita kuyenda kupita komwe ili. Lero ili m'thumba limodzi ndi ndalama ya lendi, ndipo pali mabanja amene akulira nayo. Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, nawauza mofatsa kuti, "Ana anga, ndege imeneyo ilibe bwalo lotera."

Loweruka ndinali pa ukwati ku Chilomoni. Nthawi ya perekaniperekani woyendetsa mwambo anawerenga manambala awiri a foni katatu konse, kuti achibale a ku Lilongwe ndi a ku Joni omwe ankaonera pa intaneti nawo afupe. Ndalama zinalowadi, ndipo iye ankalengeza dzina lililonse anthu n'kululutira. Koma azakhali a mkwatibwi sanakhutire. Anati ndalama ya pa foni siivinika. Iwo anapita pa tebulo la osintha ndalama, nasinthitsa K5,000 kukhala ma K100 ndi ma K200, nalowa m'bwalo akuponya imodziimodzi mpaka nyimbo itatha. A Reserve Bank akhala akudandaula kuti kuponya ndi kupondaponda ndalama pa zikwati kumaziwononga msanga ndipo kusindikiza zina kumadya chuma chambiri. Azakhaliwo atauzidwa zimenezi anavomera kuti n'zoona, ndipo ulendo wachiwiri ankaponya m'lichero, koma kuvina sanasiye.

Pa zovuta ndi pamene foni yaonetsa ubwino wake wonse. Maliro akagwa, dzuwa lisanalowe gulu la pa WhatsApp lapangidwa, msungichuma wasankhidwa, chipepeso chayamba kulowa, ndipo mndandanda wa opereka ukuoneka kwa aliyense. Mwana amene ali ku Johannesburg amatumiza pa Mukuru, bokosi n'kugulidwa iye asanakwere n'komwe basi. M'matchalitchi ambiri nambala ya chopereka ndi chakhumi yalembedwa pakhoma. Amayi a banki m'khonde ena asiya kusunga ndalama zonse m'kabokosi ka maloko atatu. Ndipo palibe amene amaiwala usiku umene magetsi anathima nsima ili pamoto, mayunitsi atatha, iye n'kugula a ESCOM pa foni, mwana akuunika ndi tochi, bambo akuwerenga manambala 20 aja mokweza, mayi akudina pa mita. N'chifukwa chake mu 2019, boma litaganiza zoika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pa foni, anthu anadandaula mpaka ganizolo linachotsedwa. Anali atazindikira kuti foni ndiyo banki ya munthu wamba.

Pamene pali uchi ntchentche sizilephera. Palibe amene ndacheza naye sabata yathayi yemwe sanalandirepo uthenga wa akuba. "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." "Mwana wanu wakomoka kusukulu, tumizani ya galimoto." "Ndine dalaivala wochokera ku Joni, katundu wanu wagwidwa pa boda ya Mwanza." "Mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo." Ena amaimba ndi mawu aulemu, ati atumiza ndalama molakwika, muwabwezere. Achinyamata amaseka mauthenga amenewa, ena amachita kuwayankha mwachipongwe. Koma amene amagwa m'mbunamo kawirikawiri ndi makolo athu, anthu amene anakula akudziwa kuti munthu wolankhula mwaulemu sanama. Apolisi, a MACRA ndi makampani a mafoni akhala akubwereza kuti wogwira ntchito weniweni safunsa nambala yachinsinsi ya munthu.

Pa kanyumba ka ejenti kaja ndinaona agogo ena akupereka foni yawo ya mabatani, n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza mzere wonse ukumva. Zilembo za pa foni n'zazing'ono, maso anafooka, ndipo kwawo kulibe magetsi, foniyo amakatchajitsa kwa mnyamata wa sola. Ejentiyo anawathandiza, kenako anawakokera pambali n'kuwalangiza kuti, "Agogo, nambala imeneyi ili ngati kiyi wa nkhokwe, musamaitchule pagulu." Si maejenti onse ali ndi mtima wotere, ndipo si zidzukulu zonse zotumidwa kukachotsa zimene zimabweza ndalama yathunthu. Ife amene timatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi tili ndi ngongole ina imene siitumizika pa foni. Tikapita kumudzi tikhale pamphasa ndi makolo athu, tiwasinthire nambala ija ya chaka chobadwa, tiwaphunzitse kuona ndalama yotsala, ndipo tiwauze kuti wina akaimba za mwana wodwala, ayambe aimbira mwanayo.

Madzulo a Lolemba ndinabwereranso kumsika wa Limbe. Kunja kunali kutayamba kuda ndipo netiweki inali itagwa, msika wonse mafoni ali m'mwamba ngati anthu akuwombeza mvula. Pa benchi la mayi wa tomato uja panaima bambo wina, jumbo ya tomato, anyezi ndi usipa ili m'manja, m'thumba mulibe ngakhale K50. Anayesa katatu, osatheka. Anayamba kubweza katunduyo pa benchi, koma mayiyo anamugwira dzanja. "Pitani, bambo, ana akudikira ndiwo. Ikabwera mutumiza." Atachoka, mnzake wa benchi loyandikana anamufunsa ngati akudziwa komwe munthuyo amakhala. Iye anati kunyumba kwake sakudziwako, koma wakhala akugula pa benchi lomweli zaka zitatu, ndipo chaka chatha mwana wa mayiyo atagonekedwa ku chipatala cha Queens, bambo yemweyo anamusiyira chenji chonse osawerenga.

Ndinatsalira pomwepo tikucheza mpaka anayamba kulongedza. Akumanga dengu lake ndi chitenje, foni inalira m'kachikwama ka pakhosi. Anaitulutsa, naiyandikiza kumaso, kenako anaseka n'kumuonetsa mnzake uja. Ndalama yonse inali italowa, ndipo bamboyo, popanda womuuza, anali ataikapo ndi yochotsera.